Loboti yosesa ikuti bini yadzaza pomwe mwakhuthula kale: vuto lili pati?

Sabata sipita ndisanalandire uthenga wa mtundu umodzimodzi kuchokera kwa anzathu ogwira ntchito za m'nyumba kuno ku Joni. Wina akuti makina a abwana aima pakati pa balaza, akungoyankhula Chizungu n'kumaphethira kagetsi kofiira kuti bini yadzaza, chikhalirecho munthu wakhuthula yekha m'mawa womwewo. Wina akuti akuyenda bwinobwino koma m'mbuyo akusiya mchenga ngati sanadutsepo. Winanso akuti akangowayatsa, nyumba yonse fungo guu, ngati zovala zonyowa zoiwalika m'beseni. Ndikunena loboti yozungulira ngati lichero ija, imene imadziyendera yokha pansi n'kumasesa, osati maloboti a pamsewu odikirira kuti ayake obiriwira.

Ndagwira ntchito ndi makina amenewa m'nyumba zingapo, ndipo ena ndinawavutitsa ndekha ndisanawadziwe. Chimene ndinazindikira mochedwa n'chakuti kukhuthula kabini ndi kuyeretsa kabini ndi ntchito ziwiri zosiyana. Ambiri timachita yoyamba tsiku lililonse, yachiwiri osaichita mpaka makina atanyanyala.

Kuti mumve chifukwa chake, dziwani kaye kuti loboti imeneyi sisesa ngati tsache. Kaburashi ka m'mbali kamakokolola zinyalala za m'mphepete mwa khoma, burashi yaikulu ya pansi imazitukula, koma chimene chimazikweza n'kuzilowetsa m'kabini ndi mpweya wokokedwa ndi kafani. Mpweyawo umalowa pakamwa pa kabini, zinyalala zimatsala m'katimo, iwo n'kudutsa pa fyuluta, kasefa kogwira fumbi, kukatulukira kumbuyo. Njira ndi imodzi yokhayo. Ikatsekeka pena paliponse, kapena ikabooka pambali mpweya n'kumathawira pamenepo, makina amangolira n'kumayendayenda popanda chimene akutola. Kabininso n'kakang'ono kwambiri kuyerekeza ndi thumba la huva wamba. Ka loboti ya mtundu wa Roborock S5 kamalowa mamililita 480, ka Eufy RoboVac 11S mamililita 600. Tingoti botolo limodzi la theka la lita. M'nyumba ya agalu awiri ndi kapeti, ulendo umodzi kadzaza tho.

Kuchotsa kabini osathyola kanthu

Yambani ndi kuimitsa makina n'kuwazimitsa. Ena, monga Eufy 11S, ali ndi switchi kunsi. Ena mumangodina batani lalikulu n'kuligwira kwa masekondi angapo. Musawatembenuze chagada kabini kali momwemo kodzaza, chifukwa zinyalala zimabwerera ku burashi, ndipo ngati makinawo ndi okolopanso, madzi a m'thanki amatsikira komwe sayenera kufika.

Machotsedwe ake ali mitundu iwiri ikuluikulu. Makina ambiri a Roborock ndi Xiaomi ali ndi chivindikiro pamwamba: mumachitukula, n'kupana kachogwirira ndi zala ziwiri, n'kukweza kabini m'mwamba molunjika. A Roomba ndi a Eufy ambiri kabini kamakhala kumbuyo. Pa Roomba zakale, monga za m'gulu la nambala 600, mumadina batani la pamwamba kumbuyoko n'kukoka ngati dirowa. Pa Roomba za m'magulu a zilembo e, i ndi j batani lili m'mbali, lojambulidwa kachithunzi ka bini, ndipo kabini kamatseguka chopendeka ngati chitseko chifukwa mbali inayo kanakoledwa ndi kangowe. Amene anazolowera kukoka ngati dirowa ndi amene amathyola kangoweko.

Kakakana kutuluka, musathamangire mpeni kapena sikuludiraiva. Pulasitiki wa pamenepo ndi wopyapyala, ndipo kangowe kakathyoka mugula kabini konse. Zimene zimakagwira kawirikawiri ndi zitatu. Mwina sokosi, chingwe cha tchaja kapena chitsitsi chambiri chalowa theka m'kabini, theka lina latsala ku burashi. Apo gonekani makina cham'mbali, chotsani burashi yaikulu, kokani chinthucho chakunsi. Mwina makina anadutsa pamene panatayika tiyi wa shuga kapena juwisi, ndiye zinauma n'kumata. Pukutani m'mphepete ndi kansalu kofinya bwino ka madzi ofunda, dikirani pang'ono, gwedezani mbali ndi mbali uku mukudina batani. Mwinanso kamchenga kalowa m'batani momwemo moti silikutsika mpaka pansi. Mswachi wakale wouma ukwanira.

Pokhuthula, tulukani panja kapena lowetsani kabini m'jumbo musanatsegule chitseko chake. Fumbi la m'menemo ndi losalala ngati ufa woyera, mukalikhuthulira pamtunda limangoti kobo n'kubwerera m'nyumba momwe munasesa. Amene muli ndi mphumu kapena chimfine cha fumbi, valani masiki. Musanataye, suzumiranimo. Ine ndapezamo ndolo, tindalama tasiliva, ndi tizidole ta ana tambirimbiri. Ndolo ya madamu ikasowa, woyamba kufunsidwa ndinu, choncho masekondi asanu osuzumirawo si otaya.

Ikamati bini yadzaza pomwe mulibe kanthu

Ili ndiye dandaulo lalikulu, ndipo nthawi zambiri yankho lake ndi kansalu kouma basi. Makina amene amadziwa kuti kabini kadzaza, monga Roomba zambiri za 700, 800, 900 ndi za i, sayeza kulemera kwa zinyalala. Pakamwa pa kabini pali timaso tiwiri toyang'anizana, totchedwa masensa. Kamodzi kamatumiza kuwala kosaoneka ndi maso athu, kena kamalandira. Zinyalala zikaunjikana mpaka kudula kuwalako, makina amati kadzaza. Ndiye fumbi likamata pa timasoto, kuwala kumadukanso chimodzimodzi, ndipo makina sangasiyanitse. Kwa iwo mdima ndi mdima.

Chotsani kabini, suzumirani m'phanga lomwe kamakhala. Muona tizigawo tiwiri takuda tosalala m'mbali mwa bowo lomwe zinyalala zimatulukira. Tipukuteni. Kenako yang'anani pakabini penipeni, pamalo oyang'anizana ndi timasoto pali timawindo toonekera, ndipo timafuna kupukuta kunja ndi m'kati momwe. Apa ndi pamene ambiri amalephera: amapukuta kunja kokha, m'kati muli fumbi lomata ngati utoto. Chala sichifika bwino m'makona amenewo, ndiye gwiritsani ntchito kathonje kotokosera m'makutu. Ngati fumbilo lasakanikirana ndi mafuta a kukhitchini kapena polishi wa pansi moti silikuchoka, nyowetsani kathonjeko pang'ono chabe, pukutani, n'kubwereza ndi kouma. Musapopere mankhwala otsukira mawindo m'phangamo.

Zikapitirira, lowetsani zala pabowo lochokera ku burashi. Nthawi zina kabini kamakhala kopanda kanthu chifukwa zinyalala sizikufikamo n'komwe, zatsakamira pakhosi. Chimpira cha ubweya wa galu, tsamba louma, kapepala ka switi, kapena tsitsi la meshi. Tsitsi lolukira limeneli ndiye mdani wamkulu, chifukwa siliduka msanga ngati lachilengedwe. Limakulunga burashi n'kupanga ukonde pakhosi pomwepo, ukondewo n'kumakola china chilichonse. Tsiku limene mwaluka kapena kumasula tsitsi m'nyumba, sesani kaye ndi tsache musanatulutse loboti.

Ikamati kabini kulibe pomwe mwakabwezera

Ili ndi vuto lotembenuka: makina sakukaona kabini. Roomba imanena Error 14, nambala yodziwitsa vuto limeneli. Roborock imanena Error 9, kukuuzani kuti muike kabini ndi fyuluta. Choyamba, katulutseni n'kukabwezeranso mpaka mumve kulira kuti kha. Kamwala kamodzi kapena njere ya chimanga pansi pa phanga ikwanira kuti kabini kasakhale bwino.

Makina amazindikira kabini m'njira zosiyana. Roomba zakale zili ndi tizitsulo tosalala pamwamba pa kabini tomwe timakhudzana ndi tina pa makina. Tikada kapena tikachita dzimbiri, magetsi sadutsa. Tipukuteni ndi kansalu kouma mpaka tiwale, ndipo onani ngati tina tapindikira m'kati moti sitikukhudzananso. Roborock ndi Xiaomi zambiri zimadalira kamaginito kakang'ono kokhala pa fulemu ya fyuluta. Makina akamva maginito amadziwa kuti zonse zili m'malo. Ndiye mukabwezera kabini popanda fyuluta, kapena mukaika fyuluta chozondoka, kapena kamaginito kakagwa pamene mumaigogoda, Error 9 siichoka ngakhale mukankhe bwanji. Mafyuluta ena otchipa ogula pa intaneti amabwera ndi maginito ofooka. Kuyesa kwake n'kosavuta: yendetsani kapini kapena singano m'mphepete mwa fyuluta. Ikakanirira penapake, maginito alipo. Ngati vuto layamba tsiku lomwe mwaika fyuluta yatsopano, bwezerani yakale muone. Likatha, mwagwira wakuba.

Ikuyenda koma sikutola

Apa tikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene pali fyuluta, ndipo fyuluta ndi imene imapha makina ambiri mwakachetechete.

Ichotseni muiyang'ane. Ndi pepala lopindapinda ngati siketi ya mapulitsi, ndipo analipinda choncho kuti malo odutsa mpweya achuluke m'kabokosi kakang'ono. Fumbi losalala limalowa m'mapindo amenewo n'kukhazikika. Pamwamba pangaoneke poyera, m'kati muli thope louma. Itukuleni moyang'anitsa kuwindo kapena kubabu. Yabwino imaonetsa kuwala m'mapindo monse. Yotha imangoti bii. Kuyesa kwina ndi kwa dzanja: yatsani makina, ikani chikhatho kumbuyo komwe mpweya umatulukira. Mukazolowera mphamvu yake fyuluta ili yatsopano, tsiku lomwe yatsekeka mudzadziwa musanatsegule n'komwe. Mawu a makina nawo amasintha, amalira mokwera ngati akubanika. Roborock ikafika pamenepo imanena Error 10, kutanthauza kuti fyuluta yanyowa kapena yatsekeka.

Kuyeretsa kwa tsiku ndi tsiku n'kugogoda. Gwirani fulemu, mbali yakuda iyang'ane pansi, gogodani m'mphepete mwa bini yaikulu ya panja mpaka fumbi lisiye kugwa. Musakolope pepalalo ndi burashi, musalitokose ndi chikhadabo kapena kamtengo. Likabooka ngakhale pang'ono, fumbi limadutsa n'kukalowa mu mota, ndiponso makina amayamba kukupoperani fumbi lomwe atola. Ngati m'nyumbamo muli huva wa m'manja, mutha kuyamwitsa mbali yakudayo mofatsa, osakanikiza.

Kodi kangati? A iRobot, kampani yopanga Roomba, amalangiza kuyeretsa fyuluta kamodzi pa sabata, kawiri ngati m'nyumba muli ziweto, ndi kuika yatsopano pakatha miyezi iwiri iliyonse. App ya Roborock, pulogalamu yake ya pa foni, imawerenga maola oti zipangizo zisinthidwe: fyuluta maola 150, kaburashi ka m'mbali 200, burashi yaikulu 300. Koma app imangowerenga nthawi imene makina ayenda, siiona fyulutayo. Maola 150 a m'fulati ya ku Manchester kumene mvula imagwa pafupipafupi si ofanana ndi maola 150 a kuno mu Ogasiti, pamene udzu wauma, mphepo ikuomba, fumbi likulowa ngakhale mawindo ali otseka. Amene munatumiza makina otere kumudzi, auzeni a ku Lilongwe kuti mu Okutobala asadikire app; maso awo ndiwo adziwe. Ine m'nyengo ya fumbi ndimagogoda fyuluta nthawi iliyonse ndikakhuthula, chifukwa ndi ntchito ya masekondi khumi.

Pali zinthu zina zimene zimatha fyuluta tsiku limodzi: ufa wotayika kukhitchini, phulusa la pa braai kapena la m'mbaula, fumbi la simenti ndi la pulasitala amisiri akachoka, paudala wa ana. Izi sesani ndi tsache ndi kukolopa, loboti ibwere pambuyo. Phulusa lili ndi ngozi inanso, poti khala laling'ono limabisala m'menemo likadali ndi moto, ndipo m'kabini muli tsitsi, mapepala ndi mphepo.

Fyuluta ikakhala yoyera koma mphamvu palibe, funani pomwe mpweya ukuthawira. M'mphepete mwa fyuluta muli kalabala kapena kasiponji kotseka mpata. Pakamwa pa kabini palinso kena. Kakasuntha, kakang'ambika, kapena tsitsi likapingasa pamenepo, fani imakoka mpweya wa m'mbali m'malo mwa wa pansi. Makabini ena ali ndi kachitseko kopepuka pakamwa, komwe kamatseguka mpweya ukamakoka n'kutsekeka makina akaima. Kakhudzeni ndi chala. Kayenera kugwedezeka momasuka. Kakamatirira chotseka, zinyalala sizilowa. Kakamatirira chotsegula, mumaona kamulu ka zinyalala pansi nthawi iliyonse mukanyamula makina kapena akakwera pakhomo. Onaninso ming'alu, makamaka m'makona ndi pa mahinjesi, poti kabini kamagwa kawirikawiri m'manja mwathu. Mng'alu waung'ono mutha kumata ndi tepi kunja kuti mudikirire katsopano, koma tepi isaphimbe timawindo ta masensa tija.

Madzi

Ndinenepo za ine. M'nyumba ina yomwe ndinkagwira, ndinaona kabini kada, ndinati lero kaona. Ndinakatsuka m'sinki ndi sopo wa mbale, fyuluta ndi zonse, mpaka mbee. Ndinapukuta ndi thaulo, ndinakupiza kangapo, n'kubwezera chifukwa alendo amabwera masana ndipo ndinkafuna pabalaza pawale. Makina anayenda mphindi zochepa, kenako anayamba kulira mwachilendo n'kuima. Nditatsegula, fyuluta inali itasanduka chibuma. Walira mvula walira matope. Fumbi lonse la pabalaza linakumana ndi pepala lonyowa, n'kuumbika. Fyulutayo sinabwererenso, ndipo fungo linakhala m'makinamo masabata angapo.

Choncho musanatsegule mpopi, funsani mafunso awiri osiyana: kabini aka n'kotsukika? Nanga fyuluta yake? Yankho la limodzi si yankho la linalo.

Pa Roomba za 500 ndi 600, kafani ndi mota yake zili m'kabini momwemo. N'chifukwa chake kamalemera m'manja ndipo kali ndi tizitsulo ta magetsi. Kabini koteroko sikalowa m'madzi, ngakhale pang'ono. Kamangofuna kukhuthula, kupukuta ndi kansalu, ndi mswachi wouma m'makona. Lamulo limeneli ligwireni pa makina a mtundu uliwonse: mukaona tizitsulo ta magetsi kapena timawaya pa kabini, musakamize. Izi zikukhudzanso makina okolopa omwe kabini ndi thanki ya madzi anaziphatikiza pamodzi, poti ena mwa iwo ali ndi kapampu m'katimo. Roomba za e, i ndi j kabini kake n'kotsukika ndi madzi ofunda, pamanja, osati m'makina otsukira mbale, koma fyuluta yake siyotsukika, muichotse kaye. Pa Eufy 11S kabini ndi kasiponji mutha kutsuka, fyuluta yoyera ya pepala ayi. Roborock ndiye imalola kutsuka zonse ziwiri, pafupifupi masabata awiri aliwonse, ndi madzi okha opanda sopo. Ngati kabuku ka makina kanatayika, dzina ndi nambala yake zalembedwa kunsi kapena pansi pa chivindikiro, ndipo opanga amaika timabukuti pa intaneti.

Katsukidwe kake sikovuta. Khuthulani ndi kugogoda kaye, kuti madzi apeze fumbi lochepa. Thirani madzi ofunda pang'ono, tsekani, khutchumulani, tayani, bwerezani mpaka madzi azituluka oyera. Madzi otentha kwambiri amapinda pulasitiki, ndipo chitseko chikapindika sichitsekanso bwino. Jiki ndi mankhwala ena amphamvu amaumitsa timalabala n'kuchititsa khungu timawindo ta masensa. Fyuluta yotsukika ithireni madzi a pampopi oyenda pang'onopang'ono kuchokera kumbali yoyera, kuti litsiro litulukire komwe linalowera, uku mukugogoda fulemu. Osaitikita, osaifinya.

Kenako kuyanika. Opanga amati maola 24 osachepera, ndipo sakunama. Pamwamba pamauma msanga, koma m'mapindo madzi amabisala. Iimikeni chopendeka pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa lamphamvu fulemu imapindika. Pa hita, pa mbaula kapena ndi choumitsira tsitsi, guluu wogwira pepala amasungunuka. M'nyengo yozizira ya kuno mpweya ndi wouma, tsiku limodzi limakwana. M'dzinja mvula ikamagwa, kapena kwa anzathu a ku Britain m'nyumba zachinyontho zija, ipatseni masiku awiri. Kuyesa kwake, ikanikizeni pang'ono pa tishu ndi kuinunkhiza. Tishu ikachita kadontho, kapena fyuluta ikazizira m'manja kuposa zinthu zina za pamalopo, sinaume.

Njira yokhayo imene ndapeza yothetsera chiyeso chobwezera yonyowa ndi kukhala ndi mafyuluta awiri. Ina ikamauma, ina ili pantchito. Ngati makina ndi a abwana, apempheni agule paketi ya awiri. Ndi zotchipa kwambiri poyerekeza ndi mota, ndipo mukawafotokozera choncho ambiri samakana.

Fungo

Fungo limachokera ku chinyontho chokumana ndi zinyalala. Mwina fyuluta inabwezeredwa yosauma, mwina makina anadutsa pamadzi a pafupi ndi mbale ya galu kapena pakhomo la bafa, mwina anatola nyenyeswa za chakudya n'kukhala nazo masiku angapo m'chipinda chotentha. Khuthulani, tsukani ngati n'kotsukika, yanikani, ndipo nunkhizani fyuluta payokha. Ikakhala ndi timadontho takuda kapena tobiriwira ta nkhungu, kapena fungo likatsalabe itauma, itayeni. Pepala likamwa fungo silibweza. Kupopera perefyumu kapena kudonthezera mafuta onunkhira pa fyuluta sikuthandiza. Mafutawo amamata fumbi, ndipo mapeto ake nyumba imanunkha maluwa osakaniza ndi galu wonyowa.

Pali tsoka lina lomwe aliyense wosunga kagalu kakang'ono amalidziwa kapena adzalidziwa: galu wadzithandiza pansi, loboti n'kudutsapo. Vutoli n'lodziwika moti mu 2021 a iRobot anatulutsa Roomba j7 yokhala ndi kamera yoti izizemba zimenezi. Zikakugwerani, zimitsani makina msanga, valani magolovesi, fyuluta tayani osaganiza kawiri. Kabini, maburashi ndi chotchingira burashi tsukani padera ngati zili zotsukika. Thupi la makina lipukuteni ndi kansalu kofinya ndi kathonje, osalithira madzi, ndipo musaiwale m'mizere ya matayala.

Makina odzikhuthula okha

Ena masiku ano amabwera ndi chinyumba chawo chachitali chomwe chimayamwa zinyalala kuchoka m'kabini kupita m'thumba lalikulu. Roomba i7+ ya mu 2018 ndi imene inatchukitsa zimenezi, ndipo tsopano pafupifupi kampani iliyonse ili nazo. Eni nyumba akagula amaganiza kuti nkhani ya kabini yatha, ndiye pamapita miyezi popanda wotsegula. Koma chinyumbacho chimangokhuthula, sichigogoda fyuluta, sichipukuta masensa. Zonse tanena pamwambapa zikadalipo.

Chikamalira mwamphamvu monga mwa masiku onse koma kabini n'kutsala kodzaza, yang'anani kabowo kotulutsira zinyalala pa kabini, komwe kali ndi kachitseko ka labala kapena ka pulasitiki. Kamtengo ka machesi kapena kapini ka tsitsi kakapingasa pamenepo, zonse zimaima. Kachitsekoko kakapanda kutsekeka bwino, makina amatayanso mphamvu posesa. Kenako onani thumba: ladzaza, kapena silinalowe mpaka pansi m'njanji zake, kapena chivindikiro cha pamwamba sichinatsekeke. Zonsezi zikakhala bwino, chatsala ndi paipi ya kunsi. Zulani pulagi kukhoma, gonekani chinyumbacho, ndipo pa mitundu yambiri mupeza chotchingira chomangidwa ndi masikuluwu chomwe mukamasula mumaona paipi yonse. Kumbukiraninso kuti magetsi akazima chinyumbacho sichiyamwa kanthu, ndiye tsiku la mdima khuthulani pamanja. Thumba lake ndi lotaya. Kuling'amba n'kulisokanso kumaoneka ngati nzeru, koma nsalu yakeyo ndi fyulutanso, ndipo ikatsekeka mphamvu imatha ngakhale thumba lili lopanda kanthu.

Mukachita zonsezi, fyuluta yatsopano, masensa oyera, khosi lotseguka, timalabala tili m'malo, koma kumbuyo sikukutuluka mpweya, kapena mukumva kukwecha ndi fungo la waya wopsa, zimitsani. Imeneyo ndi mota ya fani, ndipo si ya kansalu ndi mswachi. Pa Roomba zakale zija mwayi ulipo, poti mukagula kabini katsopano mwagula ndi mota yomwe. Pa makina ena pafunika mmisiri, ndipo ngati akadali pa waranti musamasule sikuluwu iliyonse ya thupi lake. Ngati ndi a abwana, auzeni tsiku lomwelo, muwasonyeze nambala ya Error imene ikutuluka ndi zimene mwayesa kale. Kuwabwezera pa tchaja mwakachetechete kuti adzaone okha kumangochititsa kuti mlandu ugwere inu.

Pobwezera, fyuluta ilowe mbali yake yoyenera, kachogwirira kake kali koti mudzathe kukagwiranso. Tsekani chitseko cha kabini, kankhani mpaka kalire, yatsani, ikani chikhatho kumbuyo mumve mpweya. Ine ndimalemba deti ndi cholembera cha maka pa fulemu ya fyuluta iliyonse yatsopano, chifukwa pakatha milungu isanu ndi umodzi palibe m'nyumbamo amene amakumbukira kuti inalowa liti.